Za Boma: Mphatso Kapena Ngongole?

Mwana wa Mcewa aphunzira kulandira asanaphunzire kuwerenga. Akapatsidwa kanthu ndi wamkulu agwada, naomba m'manja, nalandira ndi manja awiri. Ndipo akayesa kumasula phukusi pamaso pa wopereka kuti aone kuculuka kwa zimene zirimo, amai ace amdzudzula kuti alibe mwambo. Mphatso siwerengedwa. Koma mwana yemweyo akakula, nasenza nshawa zace kapena soya kunka nazo ku sikelo, acita zosiyana ndithu: ayang'anitsitsa sikelo, awerenga ndalama pamaso pa wogula, ndipo zikaperewera atsutsa mosaopa. Palibe amnena kuti ndi wamwano, pakuti ndalamazo ndi zace; wogula sanamcitire cifundo, wangobweza zimene anayenera kubweza.

Tsono funso ndi ili: boma likamanga sukulu pamudzi, likakumba mjigo, likatumiza feteleza kapena mankhwala, kodi anthu ayenera kulandira monga alandirira mphatso, kapena monga alandirira ndalama za mbeu zao? Funso lioneka laling'ono, koma mayankho ace awiri abala maiko awiri osiyana. Kumene anthu ayesa za boma mphatso, mtsogoleri ali tate woyenera kuthokozedwa, ndipo womfunsa ndi mwana wosamva. Kumene aziyesa ngongole, mtsogoleri ali kapitao wosunga cuma ca eni, ndipo kumfunsa ndi udindo wa mwini cumayo.

Anthu a ku Vubwi ali ndi cifukwa cakuganizira funsoli koposa ambiri. Dziko lao liri kumphepete kwenikweni, kumene Zambia akomana ndi Malawi ndi Mozambique, ndipo Lusaka ali kutali makilomita oposa 500. Kufikira caka ca 2012 Vubwi anali pansi pa Chadiza; m'caka cimeneco Pulezidenti Michael Sata analamula kuti akhale boma paokha, monganso anacitira ndi Sinda, amene anapatulidwa ku Katete ndi Petauke. Mau amene anamveka masiku amenewo anali akuti boma lafika pafupi ndi anthu. M'caka comweco kunayambika nchito ya miseu yochedwa Link Zambia 8000, ndipo mseu wocokera ku Chipata kunka ku Vubwi unali pakati pa yolonjezedwa. Nchito inayamba, niima, ndipo zaka zinapita anthu alikuyenda m'fumbi pa cilimwe ndi m'matope pa dzinja. Munthu woyesa mseu mphatso angangoti mwina wopereka anasauka. Koma wouyesa ngongole afunsa kuti ndalama zinali zingati, analandira ndani, ndipo analipiridwa pa nchito yotani.

Liu lomweli lakuti boma liri ndi mbiri yophunzitsa. Linacokera ku Ciswahili, kumene litanthauza linga, mpanda wochinga anthu ndi zoweta kwa adani. Azungu oyamba kulamulira anakhala m'malinga otere, ndipo dzina la mpanda linasanduka dzina la ulamuliro. Mpanda umangidwa kuti a kunja akhale kunja. Atagonjetsedwa Angoni a Mpezeni mu 1898, anthu a dziko lino anadziwana ndi boma poyamba mwa msonkho wa nyumba, umene unacotsa amuna m'midzi kukafuna ndalama ku minda ya fodya ndi ku migodi ya kumwera. Kampani ya North Charterland inayesa dziko lalikulu lozinga Fort Jameson lace lace, ndipo eni nthaka anapanikizidwa m'malo opatulidwa, mpaka boma linagula gawo lalikulu la dzikolo mu 1941 litaona kuti nthaka ya m'malo opatulidwawo yaguga. Munthu wa masiku amenewo analipira msonkho wosafunsa kumene unapita, pakuti wofunsa analibe bwalo lokafunsirako. Mantha amene agogo anaphunzira pa khomo la Bwana Disi sanathe tsiku limene mbendera inasinthidwa pa 24 October 1964. Afikira lero munthu wamkulu, wa imvi zace, abvula cipewa nanjenjemera pamaso pa kalaliki wa msinkhu wa mdzukulu wace.

Ena anena kuti kusafunsa akulu ndiwo mwambo wa makolo, ndipo kuti kufunsa mafunso ndi khalidwe lobwera ndi sukulu. Iwowa aiwala mwambo umene auchinjiriza. Zoonadi anthu anapereka mitulo kwa mafumu, monga mafumu a Acewa a maiko atatu acitira caka ndi caka pa Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi. Koma mtulo sunali wakuti mfumu inenepe yokha. Kwa mfumu ndiko kunafikira mlendo wosowa pogona, ndiko kunathawira wamasiye, ndiko anthu anayang'ana njala ikagwa. Pa Kulamba pomwe mafumu sangopereka mphatso ai, afotokozanso za umo akhalira anthu ao, ndiko kunena kuti wolamulira aliyense ali ndi wina womfunsa. Akale anati mfumu ndi dzala, pakuti zonyansa zonse za mudzi, madandaulo ndi matonzo omwe, zitayidwa pa iye, ndipo iye ayenera kuzilandira. Mlandu unakambidwa pabwalo, poyera, nduna ziri pomwepo. Ndipo polonga ufumu mbumba inali ndi mau, kotero kuti mwana wa mlongo wouma manja anatha kulumphidwa. Mwambo wakale unafuna ulemu pofunsa, sunaletse kufunsa.

M'ndale za dziko lapansi, anthu amene aumirira kuti za boma ndi ngongole, makamaka kwa osauka, achedwa a kumanzere. Dzinali limveka loipa m'makutu a Mcewa, amene anakalipiridwa ali mwana polandira ndi dzanja lamanzere, koma ciyambi cace ncopepuka: pa msonkhano wa dziko la France mu 1789, ofuna kucepetsa mphamvu za mfumu ndi za eni cuma anakhala kudzanja lamanzere la wapampando. Maganizo ao, pofupikitsa, ndi awa. Cuma ca dziko cicokera m'manja a olima ndi okumba, osati m'maofesi. Munthu sasankha mudzi wobadwiramo, cifukwa cace si cilungamo kuti wobadwira kwa Pembamoyo afe ndi nthenda imene wobadwira ku Kabulonga acira nayo tsiku limodzi. Ndipo boma lisayesedwe ndi kutalika kwa nyumba za mu Lusaka, koma ndi moyo wa mai wa kumalire amene ayenda usiku pa ngolo ya ng'ombe kufuna cipatala.

Zambia anayesapo maganizo amenewa, ndipo m'poyenera kupenda bwino zimene zinaturukamo, zokoma ndi zowawa zomwe. Kenneth Kaunda analalikira ciphunzitso cimene anacicha Humanism, ndiko kunena Umunthu. Ku Mulungushi mu 1968 analengeza kuti boma litenga gawo lalikulu m'makampani a alendo, ndipo ku Matero mu 1969 anatero ndi migodi ya mkuwa, boma nilitenga magawo 51 pa 100. Dziko limene pa ufulu linali ndi anthu ngati 100 okha otsiriza maphunziro a yunivesite linatsegula yunivesite yace mu 1966, nilimanga masukulu a sekondale m'maboma ambiri, ndipo mwana wa mlimi anaphunzira ndi kucira kosalipira. Bungwe la NAMBOARD ndi makoparetivu anafikitsa feteleza kumidzi nagula cimanga pa mtengo umodzi, kutali ndi pafupi pomwe. Mlimi wa kumphepete, amene wamalonda sakadamfikira cifukwa ca kuipa kwa njira, anapindula koposa. Izi zinacitika, ndipo amene azikana anama.

Koma mu December 1972 dziko linakhala la cipani cimodzi. Pa masankho a Pulezidenti munthu anapatsidwa dzina limodzi lokha, kuti abvomere kapena akane. Apa ndipo panagona colakwa cacikulu. Boma linati cuma ndi ca anthu, koma linatseka pakamwa pa eni cumawo. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, makampani a boma anayamba kudya koposa zimene anabala. Matumba a cimanga anabvumbwa m'madepoti, alimi anadikira malipiro miyezi, ndipo panalibe cipani cina cofunsa kuti walakwa ndani. Nkhokwe inali ya mudzi wonse, koma makiyi anali ndi ocepa, ndipo wosuzumiramo anayesedwa mdani. Zipolowe za unga wa cimanga mu December 1986 ndi mu June 1990 zinali kufunsa kwa anthu amene anamanidwa njira zina zofunsira.

Pa masankho a 1991 dziko lonse linatembenukira kwa Frederick Chiluba, koma cigawo ca Kum'mawa cinakana: mwa mipando 25 imene UNIP inapata, 19 inali ya kuno. Ambiri anati ndi tsankho la mtundu cabe. Mwina linalipo, koma alimi a kuno anadziwanso cimene anaopa kutaya, ndipo zaka zotsatira zinaonetsa kuti mantha ao sanali acabe. Boma latsopano linacotsa dzanja lace pa feteleza ndi pa msika, makoparetivu anafooka, ndipo mlimi wa kutali anatsala ndi wogula mmodzi wa pa njinga kapena pa lole, wochula mtengo umene afuna. Zipatala zinayamba kulipiritsa. Migodi inagulitsidwa, nchitoyo nitha mu 2000. Anthu anabwezeredwa pakamwa, nalandidwa nkhokwe. Ndipo kuba sikunathe ai: mu 2007 khoti la ku London linagamula kuti Chiluba ndi anzace anapatutsa ndalama za boma, ngakhale khoti la mu Lusaka linammasula pa mlandu wa kuba mu 2009. Mbiri iyi iphunzitsa a kumanzere ndi a kumanja omwe, koma iwawa koposa kwa a kumanzere, pakuti iwo ndiwo afuna kuika zambiri m'manja a boma. Wofuna nkhokwe yaikulu ayenera kukhala woyamba kufuna kuti iwerengedwe poyera.

Pali cotsutsa cimodzi cimene siciyenera kunyozedwa. Wina angati: mlimi wa ku Vubwi salipira msonkho wa pa malipiro, nanga ngongole imene boma liri nayo kwa iye ndi yotani? Kodi sali wolandira cabe za ena? Yankho loyamba liri m'sitolo. Pa katundu wambiri wogulidwa pali msonkho wa magawo 16 pa 100, wobisika mu mtengo. Ulipo pa malata, pa simenti, pa nsapato za mwana wa sukulu. Ulipo wina pa mafuta a galimoto imene akwera, ndi pa ndalama zoimbira lamya. Wosauka sapatsidwa cikalata ca msonkho, koma alipira tsiku liri lonse, ndipo popeza adya zonse zimene apata, gawo limene alipira limlemera koposa wolemera. Yankho laciwiri liri pansi pa nthaka. Malamulo a Zambia aika miyala yonse ya mtengo wapatali m'manja a Pulezidenti m'malo mwa dziko lonse. Cotero mkuwa wa ku Solwezi ndi wa mwana wa ku Sinda yemwe, monganso golide amene anthu asefa m'mitsinje ya ku Vubwi ali wa mwana wa ku Mongu yemwe.

Yankho lacitatu ndilo lolemera. Boma likakongola, likongola m'dzina la anthu onse. M'zaka za 2012, 2014 ndi 2015 Zambia anakongola pa misika ya kunja madola mabiliyoni 3 pamodzi, kuonjezera pa ngongole zina, ndipo mu November 2020 analephera kulipira ciongola dzanja. Palibe anapita pa bwalo la mfumu kukafunsa ngati anthu abvomera ngongolezo. Koma kwaca itagwa mphamvu, thumba la feteleza ndi botolo la mafuta ophikira zinakwera mtengo kwa onse, kwa wokhala pa mseu wa tala ndi kwa iye amene mseu wace unalekezedwa panjira. Munthu womangidwa pa ngongole ali ndi mphamvu yakufunsa cimene cinagulidwa nayo. Pamudzi nkhoswe silipira mlandu wa mphwace isanamve umo unayambira.

Ndipo kufunsa kuli ndi mtengo wace. Mu 2017 boma linagula magalimoto 42 ozimira moto pa madola mamiliyoni 42. Laura Miti, woimba Pilato ndi anzao anai anaima kunja kwa Nyumba ya Malamulo kufunsa za mtengowo, namangidwa. Khoti linawamasula mu December 2018. M'caka comweco ca 2018 kunamveka kuti ndalama zothandizira osauka ndi okalamba zasokonezeka, Britain ndi maiko ena naimitsa thandizo lao, ndipo nduna ya nchitoyo, Emerine Kabanshi, inacotsedwa, nipezeka yolakwa m'khoti mu 2021. Nkhaniyi ikhudza dziko lino mwapadera, pakuti ku Katete ndiko kunayesedwa, kuyambira 2007, kupatsa ndalama okalamba a zaka 60 ndi kuposa m'madera ena. Gogo wolandira ndalama zotere aomba m'manja nathokoza. Mwezi ukapita wosalandira angokhala cete, poganiza kuti wopempha sakalipa. Wakuba adalira cete ameneyo koposa umo adalira mdima.

Kuyambira 2022 funso lonseli lasendera pafupi ndi mudzi. Thumba la citukuko ca dera la phungu, lodziwika ndi malemba a CDF, linayamba mu 1995, ndipo mu 2021 linali la makwaca 1.6 miliyoni pa dera limodzi. Boma la Hakainde Hichilema linalikweza kufika 25.7 miliyoni mu 2022, 28.3 miliyoni mu 2023, 30.6 miliyoni mu 2024 ndi 36.1 miliyoni mu 2025. Dera la kumalire lilandira mofanana ndi dera la mu mzinda, ndipo ici ncinthu cimene wa kumanzere aliyense ayenera kubvomereza kuti ncabwino, angakhale cinacitidwa ndi cipani cimene iye sacikonda. Ndalamazi zimangira zipinda za sukulu ndi zipatala zazing'ono, zigulira madesiki, zilipirira ana ogonera ku sekondale ndi ophunzira nchito za manja, ndipo zina zikongozedwa kwa magulu a amai ndi acinyamata. Nchito ziyenera kuyambira ku makomiti a citukuko a m'mawodi, kumene anthu achula zosowa zao.

Pamenepa bvuto lisintha nkhope. Kudzudzula nduna ya ku Lusaka nkosabvuta kwenikweni, pakuti siidzabwera pa maliro a pamudzi. Koma womanga cipinda ca sukulu cimene cang'ambika mvula yoyamba angakhale mlamu wa khansala. Wolemba maina a olandira feteleza angakhale mkulu wa mpingo. Gulu limene linakongola nilisabweza lingakhale la azakhali. Akale anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Wofunsa ayesedwa wanjiru, kapena wa cipani cina, ndipo mawa adzafuna munthu yemweyo kuti amlembere kalata. Cifundo ca pa cibale ndi cuma ca Acewa, ndipo palibe wanzeru angafune kuti cithe. Koma cifundo cimene cibisa mbale wodya simenti cilanga ana makumi asanu ndi limodzi okhala pansi pa mtengo, amenenso ali ndi abale ao, kungoti abalewo alibe mpando. Mkhate umene anthu aopa kuswa pomenya khoswe uli utabooka kale.

Palinso mlandu wa osankha eni ace. Nyengo ya masankho ikafika, zitenje, mcere ndi ndalama za mowa ziyenda m'midzi, ndipo munthu wosauka sangadzudzulidwe kwambiri polandira citenje pamene mkazi wace alibe cobvala. Koma wopereka adziwa cimene agula. Afuna kuti ubale wace ndi anthu ukhale wa mphatso, kuti pa zaka zisanu zotsatira akadza pamudzi alandiridwe ndi nyimbo, osati ndi mafunso. Cimodzimodzi dzina la phungu likalembedwa pa khoma la cipatala comangidwa ndi ndalama za msonkho, monga ngati anagulitsa ng'ombe za atate wace kuti acimange. Kuthokoza wanchito wokhulupirika nkoyenera ndithu, monga athokoza mmisiri amene wafolera bwino. Koma mwini nyumba athokoza atakwera kale padenga kuona ngati sipadontha.

Zipangizo zofunsira ziripo, ndipo zambiri zigona zosagwiritsidwa nchito. Mkulu wofufuza mabuku a ndalama za boma, Auditor General, asindikiza caka ndi caka zimene wapeza m'maunduna ndi m'makhonsolo, kuchula nchito zolipiridwa zosatha ndi ndalama zosowa zikalata. Komiti ya Nyumba ya Malamulo iitana akulu a maofesi kudzayankha. Lamulo lopatsa nzika mphamvu yopempha zikalata za boma, limene linaperekedwa ku Nyumba ya Malamulo koyamba mu 2002 nilibwezedwa, linasainidwa mu December 2023. Koma zonsezi zilembedwa m'Cingerezi, m'mabuku onenepa, ndipo ambiri amene ndalama zao zikambidwamo sangathe kuziwerenga.

Apa ndipo pali nchito ya mnyamata ndi mtsikana wotsiriza sukulu amene wabwerera kumudzi. Ambiri a iwo adziyesa olephera cifukwa sanapeze nchito m'tauni, osadziwa kuti m'mudzi wonse ndiwo okha angathe kuwerenga cikwangwani coimikidwa pa nchito ya boma ndi kumasulira akulu: dzina la womanga, mtengo wa nchito, tsiku loyamba ndi tsiku lotsiriza. Angathe kulemba m'kabuku matumba a simenti amene atsitsidwa pa lole, ndi kuyerekeza ndi amene analembedwa. Angathe kupempha kuti maina a ana olipiriridwa sukulu awerengedwe mokweza pa msonkhano wa wodi, amai ali pomwepo, pakuti amai ndiwo adziwa mwana wamasiye weniweni ndi mwana wa mwini sitolo. Wacicepere wotere adzayamba ndi kupereka ulemu kwa a mfumu ndi kwa a khansala monga mwa mwambo, adzagwada ngati kuli kofunika, ndipo atatha kuomba m'manja adzafunsa kuti zitseko zisanu ndi citatu zolembedwa pa pepala ziri kuti, popeza pa nyumbayo paoneka zinai.